Kuperekeza Apongozi Kukasambira ku Beira

Apongozi anga aamuna, a Feri, anali mzungu wa ku Hungary, koma mwambo wa chipongozi ankausunga kuposa anthu ambiri obadwira ku Ntcheu. Anawaphunzitsa ndi akazi awo, malemu amayi a mwamuna wanga, mwana wa machona a ku Malawi amene anakhazikika kuno ku Kafue, m'dziko la Zambia, kalekale. Chikwatiwire ine pabanjapo sindinadyepo nawo pa tebulo limodzi, sindinawayang'anepo kumaso, ndipo tikakumana pakhomo la nyumba yathu ya ku Estates mmodzi ankabwerera m'mbuyo. Ine ndine munthu wa pakamwa, anzanga amene timasoka nawo zovala pamsika angandichitire umboni, koma a Feri akangotsokomola pakhonde mawu anga ankathera kukhosi.

M'tauni muno ankadziwika ngati bambo wa mapaipi amene anapuma ntchito ku fakitale ya feteleza. Kunyumba tinkadziwanso china, chakuti ali mnyamata anali katswiri wa dziko lawo lonse pa kusambira chagada. Vuto linali lakuti palibe ankaoneka kuti akukhulupirira. Dziwe la ku kalabu ya fakitale, mmene ankaphunzitsa ana kusambira, linauma ine ndisanakwatiwe, ndipo pano anthu amalimamo chimanga. Mu mtsinje wa Kafue mukhoza kusambira ngati mwatsanzikana kale ndi abale anu, chifukwa ng'ona zake sizifunsa mendulo. Mwamuna wanga Tibo ankangokumbukira zidutswa za ubwana. Ana athu ndiye ankaseka poyera. Agogo akayamba nkhani yawo, mwana wathu wamkulu Juli ankanong'oneza azing'ono ake kuti chagada amagwa ndi pusi, ndipo onse ankathawira kukhitchini atagwira pakamwa. Ndinkawakalipira, koma nanenso ndikayang'ana miyendo yotupa ija ndi ndodo, mtima unkakayika.

Tsiku lina apongozi atabwerako ku chipatala, kumene anawauza za mtima wawo mosabisa, anaitana Tibo. Ine ndinali kuseri kwa katani ndikusankha nyemba, makutu ali tcheru.

“Ninabadwila ku dziko ilibe nyanja ya mchele, nizafela ku dziko ilibe nyanja ya mchele,” anatero. “Nifuna ningene kamodzi chabe. Na muntu wanga umodzi aone, kuti akauze bana ati nkhalamba sinali kunama.”

Tibo anayesa kuwanyengerera kuti ku Lusaka mahotela a madziwe alipo ambiri, bwanji tingokwera minibasi. Iwo anakana. Anati madzi a mchere amanyamula munthu, ndipo miyendo yawo inafika pofuna kunyamulidwa. Choncho tinagwirizana za ku Beira. Ntchito tinagawana bwinobwino: Tibo ndiye maso, woona bambo ake akusambira, ine wophika, wochapa ndi wosunga mankhwala. Kabudula wosambirira ndinasoka ndekha, wa nsalu yabuluu, muyezo ndinatengera pa thalauza lawo lakale poti sindikanayerekeza kuwazunguliza tepi m'chiuno.

Basi ya ku Harare yochokera ku Lusaka tinaidikira pamsewu waukulu kuyambira mmawa mpaka mthunzi unatithawa. Itafika, kondakitala anangoona khungu la apongozi n'kutchula mtengo wokwera ngati tikupita pa ndeke. A Feri anamufunsa mu Chinyanja cha pamsika ngati amake akudziwa kuti amabera nkhalamba, ndipo mtengo unatsika basi yonse ikuseka. Bambo ndi mwana anakhala mpando umodzi, ine kumbuyo kwawo ndi chikwama cha mankhwala pamiyendo.

Tinawoloka mlatho wa Kafue, kukhota kulowera ku Chirundu, ndipo pa mapiri a Kapiringozi tinapeza thiraki itagona chammbali, matumba a simenti ali mbwee mumsewu. Tinaima pamenepo nthawi yaitali. Mnyamata wina wa tchalitchi cha Pentekoste anapezerapo mwayi wolalikira za misewu iwiri, anyani akutiyang'ana ali pamiyala. Ine ndinafunsanso Tibo, monga ndinkachitira sabata yonse, ngati mapasipoti onse ali bwino. Anandiyankha kuti ndisamutenge ngati mwana.

Ku Chirundu kunkatentha ngati m'ng'anjo ya njerwa. Pa mzere wa paboda anthu anapatsa njira apongozi poti ndi achikulire, ine n'kutsatira pambuyo ndi katundu wawo. Wapaofesi anatembenuza pasipoti yawo ya Zambia uku ndi uku, kuwayang'ana, kuwafunsa kwawo, iwo n'kuyankha kuti Kafue. Anadinda. Yanganso anadinda. Tibo atapereka yake, munthu uja anangoloza ndi chala pa tsamba loyamba. Inali itatha mphamvu miyezi ingapo yapitayo.

Zimene ndinamuuza mwamuna wanga panja pa ofesi ija sindingazilembe pano, ndine mayi wa mpingo. Anapepesa, anachonderera paofesi, anatuluka thukuta, koma madzi akatayika saoleka. Pomaliza anati tonse tibwerere, poti Kafue si patali, tidzanyamukenso zinthu zikakonzeka. Apongozi anali atakhala pa benchi, manja onse pa ndodo.

“Ine nikaoloka boda sinibwelela kumbuyo,” anatero. “Ndiye matenda yanga. Iwe yenda ukakonze mapepala, uzatipeza ku Mutare.”

Basi inaliza hutala. Ndinakwera ndili ndi mantha, osati chifukwa cha dziko lachilendo, koma mpando wopanda munthu umene unatsala pambali pa apongozi. Anandipulumutsa ndi mayi wina wamalonda, bana Chola, Mbemba wonenepa amene ankapita kukagula mabulangete. Nditamunong'oneza vuto langa anaseka mpaka kupukuta misozi, akuti sanaonepo mzungu wothawidwa ngati mfumu. Komabe anasamuka n'kukhala nawo, ndipo kuchokera ku Makuti mpaka ku Chinhoyi ankandipatsira mauthenga. Ndikafuna kuwakumbutsa mankhwala, ndinkauza bana Chola, iye n'kuuza a Feri, yankho n'kubwerera njira yomweyo, chonsecho tonse atatu tikumvana bwinobwino. Ku Harare anatipezera pogona kwa msuweni wake, ndipo m'mawa anatikweza basi ya ku Mutare. Potsanzikana anandikoka pambali n'kundiuza kuti ulemu ndi wabwino, koma pa ulendo umalemera kuposa katundu. Ndinamuona ngati munthu wosalangidwa.

Ku Mutare ndi kumene tinaona maso a nkhono. Tinapeza zipinda ziwiri pa kanyumba ka alendo pafupi ndi msika, n'kuyamba kudikira Tibo. Tsiku loyamba anaimba kuti waiwala chitupa chake kunyumba. Lotsatira anati zithunzi zimene anajambulitsa sizinali zoyenera. Kenaka Loweruka linalowa, Lamulungu n'kutsatira. Foni ikalira ndinkathamangira kuseri kwa bafa kuti apongozi asamve mmene ndikulankhulira ndi mwana wawo.

Mwini nyumba anandilola kuphika kukhitchini kwake. Nshima ikapsa ndinkaika pa kampando pakhomo la chipinda chawo, kuomba m'manja, n'kuchoka. Yanga ndinkadyera kuseri pafupi ndi mulu wa nkhuni. Atsikana ogwira ntchito pamalopo ankaganiza kuti ndine wantchito wozunzidwa, mpaka wina anandibweretsera tiyi mobisa. M'mawa uliwonse ndinkamva ana a pafupi akuseka pa mpanda. Mtsikana wa tiyi uja anandiuza kuti agogo amaima pabwalo atavula juzi n'kumazunguliza mikono chobwerera m'mbuyo, wina ukatsika wina ukukwera. Anandiitana kuti ndidzaone. Ine ndinati ndili ndi zochapa.

Kuzizira kwa m'mapiri amenewo sikunawayanje. Anayamba kutsokomola, nsapato zinakana kulowa, ndipo mapiritsi m'botolo anayamba kulira ngati nsawawa zotsalira m'chitini. Tsiku lina m'mawa ndinapeza chikwama chawo chili kale panja, iwo atavala chipewa. Analankhula akuyang'ana kumpanda kuti Tibo akadzafika adzawerenga mapazi athu.

Pa boda ya Machipanda panalibe vuto, kupatula anyamata osintha ndalama amene anatizinga ngati ntchentche pa mango. Tsidya linalo minibasi amazitcha chapa, ndipo mmene amapakirira anthu, a ku Kafue ndi ophunzira chabe. Mzere wa anthu atatu anaikapo asanu ndi nkhuku. Panalibenso bana Chola. Ndinakhala pambali pa apongozi kwa nthawi yoyamba m'moyo wanga, chikwama cha mankhwala nditachiimika pakati pathu ngati khoma, khosi nditalipotolera ku windo mpaka linauma. Ku Chimoio tinasintha galimoto, kudikira kuti idzaze, kutsika, kukwezedwa ina poti yoyambayo dalaivala wake anasowa. Titadutsa Inchope, injini inayamba kufuka nthunzi, ndipo tinaima pakati pa tchire. Kondakitala ananyamula chigubu n'kulowera kumene iye yekha ankadziwa.

Panali mtengo umodzi wokha wa mango. Apongozi anakhala mbali ina ya tsinde, ine mbali inayo, misana yathu italekanitsidwa ndi mtengo. Mwina n'chifukwa chakuti sitinkaonana, anayamba kulankhula, ndipo aka kanali koyamba kundiuza ine mwini nkhani imene ndinkangoimvera kuseri kwa katani.

Anati mzinda wawo unagawidwa pakati ndi mtsinje waukulu, ndipo pansi pake pamatuluka madzi otentha, moti ngakhale nyengo ya chisanu anthu amasambira panja nthunzi ikukwera. Bambo awo ankakonza mapaipi pa dziwe lina, choncho iwo ankalowa ulere. Mphunzitsi wawo anali munthu wouma mtima, ankawaika kapu ya madzi pamphumi kuti asambire chagada osaigwetsa, ikagwa ayambirenso. Anakula akumeza madzi ndi misozi mpaka anayamba kupambana, poyamba mumzinda, kenaka dziko lonse. Amayi awo ankapachika mamendulo pa msomali wa pakhitchini, pamodzi ndi anyezi.

Chaka chimene ankayembekezera kukapikisana kunja, akasinja a nkhondo analowa mumzinda. Anzawo ena anaphedwa, ena anamangidwa. Iwo anathawa wapansi mpaka pa ngalande ya m'malire, madzi ake ozizira ngati mpeni. Anamanga zovala pachifuwa n'kuwoloka chagada. Anati ndi mpikisano wokhawo umene sanafune kupambana, chifukwa wosambira chagada nkhope yake imaloza kumene wachoka, ndiye ankaona dziko lawo likutalikira pang'onopang'ono. Mamendulo anatsala pa msomali paja. Ku England anayesa kupitiriza, koma munthu wopanda dziko sasambirira mbendera iliyonse, ndipo pamene mapepala ankatuluka n'kuti tianyamata tatsopano tikuwasiya m'mbuyo. Anabwerera ku luso la mapaipi la bambo awo, ntchito n'kuwatumiza ku Kafue. Amayi awo anamwalira osawaonanso.

Ine ndinangoti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Anaseka mpaka kutsokomola, akuti akazi awo ankawauzanso zomwezo akawaona atakhala chete. Kenaka mawu awo anasintha.

“Amake Juli, Tibo sazabwela. Mwasala imwe. Niziba mwambo, ninausunga na ine. Koma mawa chabe, pa nyanja, muniyang'ane. Apongozi banu kumwamba nizakamba nabo neka.”

Ndinati ndikhoza kupereka foni kwa munthu wina kuti awajambule, ana akaone okha. Anakana. Anati foni idzaonetsa nkhalamba ikuvutika m'madzi, koma munthu amene wamva nkhani ya kapu ija adzaona china. Ndinayankha kuti inde, atate, ndidzayang'ana. Ndinkanena zoona, ndipo mtima wanga unali utavomera.

Kondakitala anabwera ndi madzi amatope, injini inamwa, tinadutsa Dondo, ndipo ku Beira tinalowa dzuwa litapendeka. Za mzindawo musandifunse, ndinangoona fumbi, njinga ndi nyumba zazitali zosuluka.

M'mawa mwake tinapita kunyanja. Asodzi ankakoka khoka, amayi atakhala ndi mabeseni kudikira nsomba, ndipo chilankhulo chawo cha Chisena ndinkachitolatola. Apongozi anayenda pa mchenga pang'onopang'ono mpaka pamene mafunde ankafika. Anandipatsa ndodo, anandipatsa chipewa. Ndinaima chilili, maso kutsogolo, monga ndinalonjezera. Anamasula batani loyamba la malaya, lachiwiri, ndipo phewa loyera litangoonekera, khosi langa linatembenuka lokha. Thupi lonse linatsatira. Ndinapezeka ndikuyang'ana mitengo ya kokonati ndi khoma la nyumba ina, ndodo nditaikumbatira pachifuwa.

Ndinadziuza kuti ndidikire alowe kaye, madzi akawabisa thupi nditembenuka. Ndinamva mapazi akukhuvula, kenaka phokoso la munthu wodzigwetsa m'madzi. Ndinati tsopano. Koma m'makutu mwanga munali alangizi anga onse, amayi anga, ndi malemu apongozi aakazi amene anandilandira pabanja lija akunyadira kuti apeza mkazi wodziwa mwambo. Miyendo inakhala ngati yazikidwa mu mchenga.

Kumbuyo kwanga asodzi anasiya kuimba. Ndinamva madzi akumenyedwa, osati mwa munthu womira, koma modekha, kuwiri kuwiri, ngati amayi awiri akusinja mu mtondo umodzi. Phokosolo linkatalikira. Wina anaimba mluzu, ana anayamba kukuwa, anthu n'kuomba m'manja. Mayi wina wa beseni anandikoka chitenje akundiuza kuti ndione agogo anga, ndione zimene akuchita. Ndinamugwedezera mutu ngati ndamva, misozi ikutsika, maso ali pa khoma lija. Ndikudziwa mng'alu uliwonse wa khoma limenelo.

Pamene ndinadzigonjetsa n'kutembenuka, zonse zinali zitatha. Asodzi awiri anali atawagwira m'khwapa m'madzi ofika m'mawondo, akuwatulutsa, kabudula wabuluu uja akudontha. Ndinathamanga ndi thaulo nditaweramitsa mutu. Anawakhazika pa bwato lofulatira, anthu atawazungulira, aliyense akufuna kuwagwira dzanja. Msodzi wina wachikulire ankayerekezera ndi mikono yake mmene ankachitira, anzake akumutsutsa kuti sanali kutero.

Anthu atabalalika ndinagwada chapambali. Ankapuma movutika, koma kupuma kwa munthu wokhuta. Ndinaganiza zonama, ndipo ndinayamba kumene. Ndinati atate, mwasambira bwino kwambiri.

“Amake Juli,” anandidula mofatsa, “wa chagada ayang'ana kwamene achoka. Nenze kuona chitenge chanu, chija cha nkhanga, na musana wanu.”

Mafunde ankabwera n'kubwerera.

“Musalile,” anatero. “Banakulelani bwino.”

Akanandikalipira bwenzi zitandipepukira. Mawu amenewo moyo wanga wonse ndinkawalakalaka kuchokera kwa iwo, ndipo atabwera anandipweteka kuposa mbama. Ndinawapempha kuti tibwerenso mawa lake, ndinalumbira kuti ndidzaima m'madzi momwemo. Anavomera kuti tidzabwera. Koma kutacha chifuwa chinali chitawagwira, miyendo sinathe kuwafikitsa ngakhale pakhomo, ndipo dokotala amene mwini nyumba imene tinkagona ku Beira anatiitanira anati munthuyu apite kwawo akadali ndi mphamvu zokhala pampando.

Ulendo wobwerera sindiukumbuka bwino. Ndikudziwa kuti chikwama cha mankhwala ndinachiika pansi, ndipo kuchokera ku Chimoio mpaka ku Machipanda anagona atatsamira phewa langa, ine osasuntha. Tibo tinamupeza ku Chirundu akutidikira, pasipoti yatsopano ili m'thumba la malaya, ikuonekera dala. Anafunsa bambo ake ngati anasambira. Iwo anati inde. Anafunsa ngati ine ndinaona. Iwo anati amake Juli anawasamala bwino, ndipo anapempha madzi akumwa.

Anamwalira mvula yoyamba isanagwe, ndipo tinawaika pambali pa akazi awo kuno ku Kafue. Maliro atatha, alendo atapita, ndinkapinda zovala zawo pamene Juli analowa. Anatola kabudula wabuluu uja, anaugwedeza, timchenga n'kugwera pa simenti. Sanaseke. Anakhala pansi pafupi nane, azing'ono ake ataima pakhomo, n'kundifunsa kuti mami, inu munaliko, agogo ankasambira bwanji.

Ndikanatha kuwapangira nkhani yokoma, pakamwa ndili napo. Ndinawauza za kapu ya pamphumi, za mamendulo ndi anyezi, za ngalande yozizira, za asodzi amene anasiya khoka lawo. Juli anamvetsera zonse, kenaka anabwerezanso funso lake, kuti koma mikono ankaiponya bwanji.

Ndinaika manja anga pa mawondo n'kuyamba kuomba pang'onopang'ono, kuwiri kuwiri, mmene madzi aja ankamvekera kumbuyo kwanga.

“Zinali kumveka so,” ndinatero. “Vinangu sininaone.”